Leaf ikugogoda kutsogolo: musathamangire kugula steering rack

Ndalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Senga Bay. Ali ndi Nissan Leaf ya 2015, galimoto yoyendera magetsi, yomwe anaitanitsa ku Japan, ndipo amayenda nayo tsiku lililonse kupita kuntchito pa boma la Salima. Akuti: "Ndikadutsa pa maenje, kutsogolo chakumanzere kukumveka gu! gu! Ndikamakhota pang'onopang'ono pakumvekanso kulira ngati chitseko chadzimbiri. Makaniko akuti ndisinthe steering rack yonse. Nditani?"

Bambo, ndalama zanu zibaakhala kaye m'thumba. Rack, chitsulo chomwe chimakhotetsa matayala mukapotoza chiwongolero, ndi yodula, ndipo nthawi zambiri wolakwa sakhala iyeyo.

Galimoto yapetulo imabisa zambiri ndi phokoso la injini. Yanuyo ili zii, choncho kachitsulo kakang'ono kakayamba kusewera mumakamva msanga, mtima n'kuyamba kuthamanga. Komanso ndi yolemera: imakwana makilogalamu pafupifupi 1,500, ndipo batire lokha, lomwe lili pansi pa mipando, ndi pafupifupi 300. Mabushi ndi mashoko ndiwo amasenza zonsezi pa maenje athuwa. Koma miyendo yake si yachilendo ayi. Kutsogolo kuli ma strut (shoko ndi sipuling'i pamodzi) ngati a galimoto zing'onozing'ono zambiri, ndipo makaniko wodziwa ntchito pa Kamuzu Road angathe kuikonza bwinobwino.

Funso loyamba ndi lakuti phokosolo limabwera liti. Kugogoda kopepuka, kobwerezabwereza pa timiyala ndi timabampu ta msewu wafumbi, kawirikawiri ndi stabiliser link, kandodo kotsika mtengo kuposa zonse kumeneko. Kuti mutsimikize, makaniko akamasule mbali zonse ziwiri, amange ndi waya chitsulo chomwe kamalumikizidwako kuti chisakhudze kanthu, kenako muyende pang'onopang'ono pamalo omwe aja. Phokoso likatha, mwampeza. Likakhala gu! wolemera, wakamodzi, makamaka pa dzenje kapena poponda mabuleki mwamphamvu, yang'anani mabushi a control arm (mkono wachitsulo wogwira tayala cha pansi) ndi ball joint (kampira kachitsulo kolumikiza mkonowo ku tayala).

Ikwezeni pa jeke, muike chochirikiza, tayala lilendewere. Ligwireni dzanja lina kumanzere lina kumanja, muligwedeze. Likamasewera, ndi tie rod end kapena rack end, tizitsulo tolumikiza rack ku tayala, ndipo ziwirizi zimasinthidwa pazokha, rack osaichotsa. Kenako gwirani pamwamba ndi pansi. Apo likasewera, ganizirani ball joint kapena bearing. Wina agwedeze, inu muike chala pa joint iliyonse: yakuthayo mumaimva ikudumpha pansi pa chala. Onaninso timalabala tophimba ma joint. Kuno kunyanja mchenga ndi mdani wamkulu. Ndinaonapo ball joint yomwe labala lake linang'ambika pang'ono chabe, koma m'kati girizi yense anali atasanduka phala la mchenga, kampira kachitsulo katakulika ngati kapalidwa ndi tupa.

Ball joint yokha musaichedwetse, chonde. Ikazuka muli pa liwiro pa M5, tayala limapindikira m'kati ndipo chiwongolero sichimvanso.

Kulira kwa pokhota kuja ndikukayikira top mount, pamene strut imagwirira thupi la galimoto pamwamba. Imikani galimoto, tsekulani boneti, wina azipotoza chiwongolero uku ndi uku, inu dzanja lili pamwamba pa strut. Mukamva kunjenjemera, kapena sipuling'i ikuchita ngati yakodwa kenako n'kudumpha, bearing ya pamenepo yauma. Koma ngati ndi tche-tche-tche wofulumira mutakhota mpaka kumapeto galimoto ikuyenda, imeneyo ndi CV joint, joint ya pa shaft yozungulitsa tayala. Wina akakuuzani kuti muthire mafuta a pawa, dziwani kuti Leaf sanaionepo: chiwongolero chake chimathandizidwa ndi mota yamagetsi, chilibe pampu kapena mafuta.

Pali maphokoso awiri omwe amasokoneza eni ake a Leaf. Loyamba ndi "kha" wakamodzi ponyamuka kapena pochotsa phazi pa accelerator. Nthawi zambiri amachokera pomwe shaft imalowa mu hub, pakati pa tayala, ndipo mankhwala ake ndi kumasula nati yaikulu ya pamenepo, kupaka girizi woyenera, n'kumanganso pa mlingo wake. Lachiwiri ndi kaphokoso kopyapyala poyenda pang'onopang'ono. Kameneko si vuto, anakaika dala kuti oyenda pansi ndi akabaza amve kuti kukubwera galimoto.

Tsopano apa ndi pomwe yamagetsi imasiyana ndi zinzake, ndipo makaniko wanu mumuuze musanamusiyire makiyi. Jeke aikidwe pamalo ake m'mbali mwa thupi, osati pansi pa batire. Likatiwanika, mudzalira kuposa mtengo wa rack. Mawaya a olenji asawakhudze, muli mavolti oposa 350. Ndipo asanalowe pansi, atsimikize kuti galimoto yazimitsidwa, kanyali kobiriwira ka READY kazima, poti galimoto imeneyi imatha kukhala yoyaka ili chete.

Mukasintha tie rod end, rack end kapena control arm, pitani mukapangitse alayimenti, apo ayi matayala adyeka mbali imodzi. Zonsezi zikapezeka zili bwino koma chiwongolero chikusewerabe pakati, pamenepo ndiye tikambe za rack. Mundilemberenso mundiuze zomwe mwapeza pogwedeza tayala lakumanzerelo.