Kwa achimwene a Prado a ku Ulongwe: musanatsitse giyabokosi ya otomatikiyo

Achimwene, funso lanu lija ndaliona. Mwati muli ndi Prado ya 1998, ya injini ya 1KZ-TE, ya otomatiki, ndipo mukamachokera ku Tete mutanyamula katundu, mukangokhota pa Mussacama kuyamba mitunda ya ku Angónia, injini imangolira pamwamba koma galimoto osapita. Amakaniko anu akuti tsitsani giyabokosiyo muike ya manual. Inu mukufunsa ngati zimatheka, komanso ngati ndalama zanu sizilowa m'madzi.

Kutheka zimatheka. Yanga ndi Prado ngati yanuyo, ndinaisintha zaka zingapo zapitazo ndipo ikuyenda mpaka lero. Koma njira imene ndingakulangizeni ndi imodzi basi: pezani Prado ina ya manual, ya injini yomweyo ya 1KZ-TE, imene inachita ngozi kapena inafa injini, muchotsemo zonse nthawi imodzi. Ngati galimoto yotere simunaipeze, musalole munthu kumasula bauti ngakhale imodzi pa galimoto yanu.

Ndisanafike kumeneko, tiyeni tione kaye ngati otomatiki yanuyo yafadi, chifukwa zimene mwafotokozazi nthawi zambiri zimayamba ndi kutentha. Msewu umenewo tonse timaudziwa. Mumanyamuka ku Tete dzuwa likuswa mtengo, mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, mwadutsa Moatize muli pambuyo pa mathiraki, kenako mukukwera kuchoka m'chigwa cha Zambezi kupita kumtunda wopitirira mamita 1,000. Oyilo wa giyabokosi ya otomatiki amazizira podutsa m'kapaipi kamene kali m'munsi mwa rediyeta. Ndiye rediyeta imodziyo ikuziziritsa injini, ikuziziritsanso giyabokosi. Ikakhala yotsekeka ndi dothi, zonse ziwiri zimapsa. Ndipo 1KZ-TE ndi injini yosapirira kutentha, ikawira kawiri katatu hedi, chitsulo chovundikira pamwamba pa injini, imang'aluka.

Chitani izi mawa lomwe. Yendetsani galimoto mpaka itenthe, muiimike pamalo osapendekeka, injini ikulira, giya ili pa P. Sololani kachitsulo koyezera oyilo wa giyabokosi, mudonthezere pa pepala loyera. Akakhala wofiira bwino koma wochepa, mwina vuto ndi lomwelo, thirani mtundu wolembedwa m'buku la galimoto ndipo mufufuze pamene akudonthera. Akakhala woderapo pang'ono, sinthani oyilo, mutsuke sefa ya m'kati, amakaniko aonenso kebulo imene imachoka ku injini kupita ku giyabokosi, chifukwa ikakhwepa mphamvu ya oyilo imatsika ndipo magiya amaterereka. Akaoneka ngati thobwa la mawere, dziwani kuti kapaipi ka mu rediyeta kabooka, madzi asakanikirana ndi oyilo, ndipo galimotoyo isayendenso mpaka mutakonza. Koma akakhala wakuda, akununkha ngati mphika wa nyemba woiwalika pamoto, pansi pa sampu, beseni la oyilo la kunsi kwa giyabokosi, pali tizidutswa takuda, pamenepo ndiye kuti mapuleti a m'kati atha. Apo ndi pamene nkhani ya manual ingayambire.

Ndikunena izi chifukwa giyabokosi imene muli nayoyo, A343F, ya magiya 4, si yofooka ayi. Anthu ambiri amaitaya ikadali ndi moyo. Oyilo watsopano, rediyeta yabwino ndi kachoziziritsira kena kapadera koika kutsogolo kwa rediyeta zimatha kuibweza mwakale ndi ndalama yochepa kwambiri poyerekeza ndi kusintha zonse.

Tsono tiyerekeze kuti yafadi.

Ine ndinalakwitsa pogula zinthu chimodzichimodzi. Ndinapeza giyabokosi ya manual pa sucata ina, pamalo ogulitsira zitsulo za galimoto zakufa, mumzinda wa Tete, yotsukidwa bwino ndi dizilo, yonyezimira, wogulitsa n'kunditsimikizira kuti yachokera mu Prado. Sananame. Inachokeradi mu Prado, koma ya injini ya 5L, zija zopanda turbo zimene zinabwera zambiri kuno ndi mabungwe. Titafika nayo ku galaja, bellhousing yake, chigoba cholumikiza giyabokosi ku injini, sinagwirizane ndi injini yanga, mabowo a mabauti anali kwina. Ndinaona ndi maso anga amakaniko awiri ali chagada pansi pa galimoto, giyabokosi ili pa jeke, akuisunthira uku ndi uku, bauti ziwiri zikalowa zinazo osalowa. Kuyambira tsiku limenelo galimoto inakhala pa zitsa miyezi inayi. Bellhousing ndinakaipeza ku Lilongwe. Nditabwera nayo, kunapezeka kuti flywheel, chitsulo chozungulira cha kumbuyo kwa injini chimene kilatchi imagwirapo, palibe. Flywheel itapezeka, mabauti ake palibe, ndipo a otomatiki ndi aafupi. Kenako mapulopela shafiti, mipini yotenga mphamvu kupita ku matayala, sanakwane kutalika kwake. Nyengo yokolola mbatata ku Tsangano inadutsa ine ndikubwereka galimoto za anthu, ndipo ndalama imene ndinataya pamenepo inaposa ya zitsulo zonse.

N'chifukwa chake ndikuumirira pa galimoto yathunthu yochotsamo zida. Anthu akamanena za kusintha giyabokosi amaganiza za chitsulo chimodzi chachikulucho, chonsecho zovuta kupeza ndi zing'onozing'ono. Mufunika giyabokosi ya magiya 5 ya banja la R, monga R150F kapena R151F, yokhala ndi bellhousing ya 1KZ. Muitenge pamodzi ndi transfer yake, bokosi logawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo, osazilekanitsa, chifukwa mano a shafiti yolumikiza ziwirizi sakhala ofanana nthawi zonse pakati pa otomatiki ndi manual. Mutenge mapulopela shafiti onse awiri, wakutsogolo ndi wakumbuyo, popeza magiyabokosi awiriwa amasiyana kutalika. Mutenge chitsulo chopingasa chimene giyabokosi imakhalapo ndi mauntini yake. Mutenge flywheel ndi mabauti ake, foloko ya kilatchi, master ndi slave cylinder (timapampu tokankha kilatchi) ndi paipi yake yonse, mapedulo onse ndi chitsulo chimene amapachikapo (pedulo ya buleki ya otomatiki ndi yotambalala, imaphimba malo a kilatchi), ndodo ziwiri za magiya, mphira zake ndi pulasitiki yophimba pakati pa mipando. Mphira zimenezo musazipeputse. Ine ndinayenda milungu ingapo popanda mphira ya pansi, ndipo pa msewu wa ku Furancungo fumbi linkalowera pabowopo mpaka m'mano.

Pali zinthu zinayi zimene musatenge zakale ngakhale zioneke bwino: kilatchi puleti, pressure plate, release bearing ndi kabeyaringi kakang'ono kolowa kumbuyo kwa kirankishafiti. Kabeyaringi kameneka galimoto ya otomatiki imakhala ilibe, ndipo amakaniko osazolowera ntchitoyi amakaiwala. Mukakaiwala, shafiti ya giyabokosi imasowa pogwira, imayamba kugwedera, posakhalitsa giyabokosi yonse ikulira. Pomwe patsegukapo sinthaninso silo (mphira yotchinga oyilo) ya kumbuyo kwa injini, chifukwa ikadzayamba kudontha idzanyowetsa kilatchi yatsopanoyo ndipo mudzatsitsanso zonse. Flywheel yakale ipite kaye kokapala kuti isalale.

Galimoto yochotsamo zidayo muiyang'ane modekha. Paja chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Masulani bauti ya pansi pa giyabokosi muone oyilo wake ndi maginito ake. Tiutuchi tosalala ngati phala si tachilendo, koma mukaona tizidutswa ta mano, isiyeni. Lowetsani magiya onse ndi dzanja mukuzunguza shafiti. Kenako tsegulani boneti, muwerenge kachitsulo ka Toyota kokhomedwa m'chipinda cha injini. Pamalembedwa mtundu wa galimoto, monga KZJ95, ndipo pali mzere wa TRANS/AXLE wosonyeza giyabokosi ndi madifu, magiya a pakati pa matayala ogawa mphamvu kumanja ndi kumanzere. Yerekezani ndi kanu. Madifu anu mutha kuwasiya momwe alili. Koma mukaganiza zosintha, sinthani onse awiri. Prado imeneyi imakoka ndi matayala onse anayi nthawi zonse, ndipo difu ya kutsogolo ikasiyana mano ndi ya kumbuyo, transfer imadzipota yokha mpaka kuwonongeka.

Za mawaya ndi pamene ntchito zambiri zimaimira theka. 1KZ-TE ili ndi pampu ya dizilo yolamulidwa ndi kompyuta, si ngati 1HZ ya mu Land Cruiser imene ilibe nazo ntchito zimenezo. Kompyuta ya otomatiki imayembekeza kumva kuchokera ku giyabokosi yake. Ikapanda kumva, nyali zimaphethira pa dashibodi ndipo injini imatha kusintha kaliridwe. Chabwino n'kutenga kompyuta ya manual ndi mawaya ake mu galimoto ija. Palinso siwichi imene imaletsa sitata kuzungulira ngati giya sili pa P kapena N. Giyabokosi ikachoka, galimoto siilira mpaka mawaya awiri amenewo atalumikizidwa. Ambiri amangowapota pamodzi n'kukulunga tepi. Ine ndikupemphani, muwauze a zamagetsi awadutsitse pa siwichi ya pedulo ya kilatchi, kuti galimoto izilira pokhapokha mwaponda. Pakhomo pamakhala ana, ndipo galimoto yosiyidwa m'giya ikagwidwa kiyi imadumpha. Musaiwalenso nyali za rivesi, waya wa sipidomita, nyali ya difu loko, ndi kaloko kamene kamaletsa kiyi kutuluka ngati giya sili pa P. Mabowo awiri a oyilo a pansi pa rediyeta muwatseke, kapena mutenge rediyeta ya manual.

Tsono kodi manual idzakupatsani chiyani? Kwa ife oyenda m'midzi, ubwino wake ndi wooneka. Batire ikafooka muli ku Dómuè, anyamata anayi akukankhani galimoto yalira, pamene otomatiki mudikira wina abwere ndi mawaya. Potsika mitunda mutanyamula matumba a chimanga mumaika giya yachiwiri, injini n'kumagwira galimoto, mabuleki osapsa. Rediyeta imapepukidwa chifukwa yatsala ndi injini yokha. Kilatchi ikatha, makaniko aliyense wa ku Ulongwe aisintha tsiku limodzi, pamene wotsegula otomatiki n'kuibwezeretsa bwinobwino ndi wosowa, mwina mpaka ku Tete kapena ku Chimoio. Dizilo naye imamwa wocheperapo, ngakhale si kwambiri moti n'kubweza msanga ndalama ya ntchitoyi.

Koma pali malo amene otomatiki imapambana, ndipo ndinayamba kuisowa nditaichotsa. Mumchenga wa mitsinje youma ndi m'matope a Januwale, otomatiki imasintha giya mphamvu osaduka. Manual ukangoponda kilatchi pakati pa mchenga, galimoto yaima, matayala ayamba kukumba. Umayenera kusankhiratu giya usanalowe, low range (magiya otsika a mphamvu) giya yachiwiri kapena yachitatu, n'kudutsa osakhudza pedulo. Powoloka madzi n'chimodzimodzi, ukaponda kilatchi pakati pa mtsinje madzi ndi matope zimalowa pa puleti. Ganiziraninso za amene amayendetsa galimotoyo. Ngati alamu athu amaigwiranso popita kumsika kapena kuchipatala, afunseni kaye. Ngati mumapatsa dalaivala waganyu amene phazi lake limagona pa kilatchi, muzisintha puleti chaka ndi chaka.

Za mapepala musazisiye kumapeto. Pitani ku INATRO, bungwe la boma loona za magalimoto, ndi livrete (pepala la galimoto) yanu ntchito isanayambe, muwauze zimene mukufuna kusintha, akuuzeni okha zoyenera kuchita. Auzeninso a inshuwalansi. Galimoto yochotsamo zidayo muone mapepala ake ndipo wogulitsa akulembereni lisiti yokhala ndi nambala ya chesesi, kuti tsiku lina musadzafunsidwe za chitsulo chakuba. Mukakagula ku Malawi, kaya ku Lilongwe kaya ku Blantyre, ubwino wake ndi wakuti nawonso amayenda kumanzere ngati ife, chiwongolero chili kumanja, ndiye mapedulo ndi mapaipi zimakwana. Za galimoto ya chiwongolero cha kumanzere sizikwana. Pobwera nazo dutsani poyera pa Calómuè kapena pa Zóbuè, mulipire msonkho wa katundu ku Alfândega, pepala lake mulisunge, ndipo ndalama imeneyo muiwerengeretu.

Ndiyeno khalani pansi ndi cholembera. Mbali imodzi lembani mtengo wa galimoto yochotsamo zida, kuinyamula kufika nayo ku galaja, kilatchi yatsopano, oyilo, amakaniko, a zamagetsi, ndi masabata amene galimoto ikhale osagwira ntchito. Mbali ina lembani mtengo wa A343F ina yabwino yongochotsa mu galimoto yochokera ku Japan, zimene n'zosavuta kupeza chifukwa Prado zambiri zobwera kuchokera kumeneko ndi za otomatiki, kuphatikiza rediyeta yatsopano ndi kachoziziritsira kapadera. Mbali yachitatu lembani ndalama imene mungaonjezere mutaikonza yanuyo, n'kuigulitsa, n'kugula ya manual yobadwa nayo. Ine ndikanachita masamu amenewa poyamba, ndikanatenga njira yachitatuyi. Kusintha kumapindula ngati thupi la galimoto yanu, injini ndi madifu zili bwino kwambiri, mumaidziwa mbiri yake, ndipo mwaganiza zokhala nayo mpaka kale.

Mukasankha kusinthabe, amakaniko akhale oti anaichitapo kale ntchitoyi pa Prado kapena Hilux Surf, ndipo akuonetseni galimotoyo ikuyenda, mulankhule ndi mwini wake. Galimoto ziwirizo ziime moyandikana, kuti chochoka uku chizilowa uku tsiku lomwelo, ndipo chigoba cha inayo musachigulitse mpaka yanu itayenda mwezi wathunthu. Nthawi zonse pamatsala kabulaketi kamodzi kapena pulagi imodzi imene mudzabwerera kukaimasula. Malipiro mupangane kuti gawo lomaliza mudzapereka mutakwera nayo kuchoka pa Mussacama kufika ku Ulongwe mutanyamula katundu.

Panopa jambulani kachitsulo ka m'chipinda cha injini kaja, ndi pepala limene mwadonthezerapo oyilo, mutitumizire. Mundiuzenso ngati singano ya kutentha imakwera nthawi imene galimoto ikuterereka, komanso ngati imachita zimenezi m'mawa injini isanatenthe.