Phunziro la mtendere lisakhale lapadera, likhale m'maphunziro onse

Mayi, funso lanu loti bwanji boma osayika phunziro la mtendere palokha ku sekondale, ana azilemba pa MSCE, ndinaliona m'mawa koma ndimafuna ndiyankhe nditakhazikika. Ndaphunzitsa Social Studies ndi Life Skills zaka zambiri, ndipo ine ndikuti ayi.

Nkhaniyi ilimo kale. Mu Life Skills muli mutu wa kuthetsa mikangano mwamtendere, ndipo ana amauloweza ngati nyimbo. Pasukulu ina yogonera komweko imene ndinaphunzitsa, mnyamata amene anakhoza bwino koposa mutu umenewu ndi yemweyo anatsogolera anzake kukagenda ofesi ya ahedi chifukwa cha nyemba zofumbwa. Nditamufunsa, anandiuza kuti anadandaula milungu itatu popanda wowamva. Mayankho a pepala anali nawo, koma kopita ndi dandaulo kunalibe. Tikawonjezera pepala lina la MANEB, tangowonjezera zoloweza.

Taonani a ku Rwanda. Anthu ataphana mu 1994, boma linaimitsa kuphunzitsa mbiri ya dziko lawo m'sukulu kwa zaka zoposa khumi. Pomwe ankakonza silabasi yatsopano mu 2015, za mtendere sanazipange phunziro lapadera ayi, anazilowetsa m'maphunziro onse. Ife tingachite chimodzimodzi, a MIE ku Domasi, amene amakonza masilabasi a sukulu zathu, atafuna. Mu History tili ndi anthu amene anawomberedwa ku Nkhata Bay pa 3 Marichi 1959, tilinso ndi kalata ya maepiskopi ya 1992 ndi referendamu ya pa 14 Juni 1993, pomwe dziko linasintha ndi voti osati mfuti. Nanga pa 20 Julayi 2011, pomwe anthu 20 anafa pa zionetsero? Mwana wa Fomu 3 afunsidwe kuti zinasiyana pati, akangane ndi anzake m'kalasi, aphunzire kutsutsa mnzake popanda kumunyoza mtundu kapena chigawo. Mu Geography muli mkangano wa malire a nyanja ndi Tanzania, wochokera pa pangano la azungu la 1890. Ngakhale mu Agriculture, mbuzi zikalowa m'dimba la mnzako mumatani? Vuto lake aphunzitsi ambiri timathamangira kumaliza silabasi, zokambirana timaziona ngati kutaya nthawi (inenso ndalakwapo pamenepa, ndisaname).

Koma chachikulu chili kunja kwa kalasi. Mwana wa Fomu 1 amene akuchapitsidwa zovala za a Fomu 4, aphunzitsi n'kumati ndi mwambo wa sukulu, akuphunzira kuti wamphamvu ndiye wolungama. Chaka chamawa adzachita zomwezo kwa wina.

Poti mwati mwana wanu akupita Fomu 1 chaka chino, pa msonkhano wa PTA mukafunse ahedi kuti ana akakhala ndi dandaulo amapita kwa ndani, ndipo yankho limabwera patapita masiku angati. Mukafunsenso ngati maprifekiti amasankhidwa ndi ana anzawo kapena amangoikidwa ndi aphunzitsi.