Chisoti cha Dredd, kamdala kanga ka ambulera ndi R8,000 ya ku Rosettenville

Sabata ino ndalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wa kwathu amene akukhala ku Rosettenville. Amajambula komiki ya mtsikana wa kabaza amene njinga yake imapitirira minibasi pamsewu, ndipo amaiika pa Facebook. Anyamata ena opanga magemu a pafoni amupeza, akufuna awagulitse mtsikanayo pa R8,000. Funso lake ndi lalifupi: "Ndisaine? Sadzamuwononga ngati mmene a mafilimu amawonongera anthu a m'makomiki?"

Achimwene, mwandiputa. Ndimati ndikuyankheni mizere iwiri pa imelo pomwepo, koma mtima wakana.

Ine ndisanabwere kuno ku Joni ndinkajambula. Sindinali katswiri woti n'kutchuka, koma ku Ndirande anthu ankandidziwa ndi kamdala kena kamene ndinakayamba kumasamba akumapeto a makope a kusukulu, ndi bolopeni ya buluu. Kamdala kovala chikhoto cha pakaunjika, ndevu zosapesa, ambulera m'manja kaya kuli dzuwa kaya mvula. Sikankalankhula. Anthu onse pachithunzipo akulongolola, akukangana za ngongole, za malire a poloti, za nkhuku yosowa, iko kali phee pakona, kangokweza nsidze imodzi kapena kuloza ndi nsonga ya ambulera pamene pali bodza. Owerenga ndiwo ankakaikira mawu m'kamwa, aliyense akeake, ndipo pogoba pathu pankabuka mkangano woti kodi mdala uja amatanthauzanji dzulo. Bungwe lina la zaumoyo linakakonda. Linandilipira kuti ndikajambule m'timabuku ta ukhondo togawa m'midzi, ndipo ndalamayo inandithandiza, ndisaname. Patapita nthawi, ndili kale kuno, mlongo wanga ananditumizira kavidiyo pa WhatsApp. Kamdala kanga kakuyenda, kakuphethira, chikhoto achiwalitsa mtundu. Kenaka kanatsegula pakamwa. Timawu topyapyala, tothamanga, kakulakatula malamulo a kusamba m'manja, ambulera atakalanda n'kukagwiritsa sopo. Dzina langa panalibe, koma chinandiwawa kwambiri si chimenecho. Anthu aja anatenga chikhoto ndi ndevu, munthu mwiniwakeyo n'kumusiya. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anaimba foni kundifunsa kuti kodi mdalayu salankhuliranji.

Ndipo zotere sizigwera ife osauka tokha. Judge Dredd, wapolisi amene amagwira, kuweruza ndi kulanga yekha pamsewu pomwepo, anayamba kutuluka mu 1977 m'magazini ya ku Britain yotchedwa 2000 AD, wolemba John Wagner, wojambula Carlos Ezquerra. Owerenga saonetsedwa nkhope yake. Chisoti chimabisa zonse, chimangosiya kamwa ndi chibwano, chifukwa iyeyo akuimira lamulo, osati munthu woti muzimumvera chisoni. Mu 1995 a ku Hollywood anapanga filimu yake ndi Sylvester Stallone. Tsono munthu walipidwa mamiliyoni, nkhope yake ndiyo ikugulitsa matikiti, ndani angamuuze kuti aibise? Chisoti chinavulidwa filimu isanapite patali, ndipo okonda komikiyo sanakhululuke mpaka lero. Mu 2012 ena anayesanso ndi Karl Urban, ndi ndalama zochepa kwambiri poyerekeza ndi yoyamba ija, filimu yojambulidwa konkuno, ku Cape Town ndi ku Johannesburg. Nkhope ya Urban sioneka kuyambira poyamba mpaka pomaliza. M'nyumba za kanema sinagulitse bwino, izi n'zoona, koma mukafunsa owerenga Dredd kuti weniweni ndi uti, za Stallone sazitchula n'komwe.

Musandimve molakwa. Ine sindili gulu limodzi ndi aja amalira pa intaneti chifukwa nsapato za ekita zasiyana mtundu ndi za m'buku. Amenewo amanditopetsa. Kusintha kwina kumamukonza munthu wa m'komiki, ndipo umboni wake ndi Black Panther. T'Challa, amene ndiye Black Panther, anayamba kuoneka mu 1966, m'komiki ya Fantastic Four nambala 52, atapangidwa ndi Stan Lee ndi Jack Kirby, azungu awiri a ku New York. Wakanda, dziko lopeka la T'Challa, wa m'masamba amenewo anali Africa wongomuganizira ali kutali. M'makomiki akalewo munali mdani wina, M'Baku, wovala chikopa cha nyani wamkulu, dzina lake Man-Ape. Tangoganizani munthu wakuda kumutchula choncho pa kanema mu 2018. Ryan Coogler, wotsogolera filimu ya Black Panther ya chaka chimenecho, ndi anzake anataya dzinalo n'kumusandutsa mfumu ya anthu a m'mapiri, yonyada, yoseketsa, imene anthu anatuluka akuikonda. John Kani, amene anasewera ngati mfumu T'Chaka, ndiye anabweretsa Chixhosa kuti chikhale chilankhulo cha ku Wakanda. Alonda a m'malire anawaveka mabulangete a Abasotho. Zonsezi m'komiki ya 1966 munalibe. Ine ndinaionera ku Rosebank, ndipo mawu oyamba a Chixhosa atamveka amayi ena kumbuyo kwanga analulutira, holo yonse n'kuyankha. Nafe tinali ndi wathu mmenemo: mayi Connie Chiume, obadwira ku Welkom koma bambo awo a ku Nkhata Bay, anakhala pabwalo la akuluakulu a mfumu. Anatisiya mu 2024 konkuno ku Johannesburg. Filimuyo inapeza ndalama zoposa madola 1.3 biliyoni, ndipo T'Challa anakhalabe yemwe uja, mfumu yolemedwa ndi mpando wa bambo ake.

Poti tatchula Joni, pali china chimandiseketsabe. Mu Avengers: Age of Ultron ya 2015, Hulk ndi Iron Man akumenyana m'tauni mwathu muno, akugwetsa nyumba m'misewu imene ena mwa inu mumakwereramo matekisi. Koma mufilimumo Hulk wangochoka kumene pagombe la nyanja pamene pali zombo zakutha, n'kutulukira pakati pa Johannesburg thukuta lisanaume. Ife amene tinakwerapo basi ya ku Durban, makilomita pafupifupi 570, tinangoyang'anana. Kwa iwo Africa ndi kamudzi kamodzi. Kumbukirani zimenezi pamene munthu amene sanakwerepo kabaza akufuna kugula mtsikana wanu.

Tsono gemu si filimu

Mwafunsa za mafilimu koma amene akugogodani ndi a gemu, ndipo izi n'zinthu ziwiri. M'komiki wowerenga ndiye amadzaza mpata wa pakati pa chithunzi ndi chinzake. Mufilimu mumakhala pansi, ena akukuchitirani zonse. M'gemu zala zanu ndizo zili pantchito, mwina maola ambirimbiri, choncho funso limakhala loti munthuyu amachita chiyani chimene chala chingakonde kubwereza osatopa.

Spider-Man ali ndi mwayi pamenepa. M'magemu ake akale ulusi unkangomata m'mwamba mopanda kanthu. Mu 2004 a Treyarch, popanga gemu ya Spider-Man 2, anakhazikitsa zoti ulusi uzigwira pakhoma lenileni la nyumba. Popanda nyumba pafupi, palibe kulendewera. Kanthu kakang'ono, koma kanasintha zonse, chifukwa wosewera anayamba kumva kulemera kwa thupi pokhota pakona. A Insomniac anapitiriza njira yomweyo mu 2018 pa PlayStation 4. Mwana wa achimwene anga ku Cosmo City amatha madzulo onse akungolendewera pakati pa nyumba za New York, chigawenga osachikhudza n'komwe, mayi ake akukuwa kuti nsima ikuzizira.

Superman ndiye wavutitsa opanga magemu. Munthu wosalowa chipolopolo, wonyamula sitima ndi dzanja limodzi, wosewera umuopseza ndi chiyani? Kampani ya ku France ya Titus, mu 1999 pa Nintendo 64, inamuika kuti aziuluka kudutsa m'mikombero yoyandama m'chifunga chobiriwira, wotchi ikuthamanga. Mpaka lero gemu imeneyo imatchulidwa pakati pa zoipitsitsa zimene zinapangidwapo. Batman anapeza omumvetsa mu 2009, a Rocksteady a ku London, ndi Arkham Asylum. Sanakopere filimu imene inali itangotuluka kumene chaka chapitacho. Anatenga Paul Dini, mmodzi mwa olemba katuni ya Batman ya m'ma 1990, anatenganso Kevin Conroy ndi Mark Hamill amene ankalankhula m'katuniyo, n'kumanga gemu yonse pa mantha: uli mumdima kudenga, zigawenga zili pansi ndi mfuti, ukuzitola mmodzimmodzi, zotsalazo zikuyamba kunjenjemera ndi kuombera paliponse.

Ndiye taonani zimene kampani yomweyo inatulutsa mu 2024, Suicide Squad: Kill the Justice League. Anthu anayi osiyana makhalidwe onse apatsidwa mfuti, onse akulumpha m'madenga, gemu yofuna intaneti, yokonzedwa kuti muzibwerera mwezi ndi mwezi n'kumagula zovala. Eni ake a Warner Bros. anavomereza okha kuti inawaluzitsa madola 200 miliyoni. Marvel's Avengers ya 2020 inayenda njira yomweyo ndipo pofika September 2023 anasiya kuigulitsa. Ine ndikunena mosapsatira: amene amawononga anthu a m'makomiki si ojambula kapena olemba mapulogalamu a kompyuta. Ndi munthu wa muofesi ya ndalama amene wasankha kale njira yokamira anthu, kenaka n'kumafunafuna nkhope yodziwika yoti aimate pamwamba. Amenewo ndiwo anagwiritsa mdala wanga sopo. Ndipo musaganize kuti kakampani kakang'ono ka anyamata atatu m'chipinda cha ku Braamfontein kalibe mtima umenewo. Gemu ya pafoni yaulere imadya ndi malonda otulukira pakati pa sewero, ndiye wina adzafuna mtsikana wanu azigwa pafupipafupi kuti malondawo azioneka.

Za umwini

Jerry Siegel ndi Joe Shuster anagulitsa Superman mu 1938 pa madola 130. Onse awiri, osati aliyense. Anakalamba akuvutika pamene dzina la munthu wawo linali pa malaya, pa zidole, pa wailesi ndi pa kanema, mpaka mu 1975 pamene manyazi anagwira eni kampani n'kuyamba kuwapatsa madola 20,000 pachaka aliyense ndi kubwezeretsa maina awo. Bill Finger, amene anathandiza kwambiri kupanga Batman, dzina lake linayamba kulembedwa mu 2015, iye atamwalira kalekale mu 1974.

Yerekezani ndi Marvel, kampani ya makomiki. Mu 1996 kampaniyi inagwa ndi ngongole. Inali ndi njala kuposa yanu, achimwene, komabe anthu ake sinawagulitse athunthu. M'zaka za m'ma 1990 zimenezo inkadula zidutswa: a Fox anatenga ufulu wopanga mafilimu a X-Men, a Sony wa mafilimu a Spider-Man, makomiki ndi anthu eniakewo n'kukhalabe a Marvel. N'chifukwa chake mu 2009 Disney inapeza choti igule pa madola 4 biliyoni. Kwathu aliyense amadziwa kusiyana kwa kubwereketsa dimba chaka chimodzi ndi kugulitsa munda wa makolo, koma pepala likangobwera m'Chingerezi cha maloya timaiwala.

Kunonso zitsanzo zilipo. Supa Strikas inayamba ngati komiki ya mpira muno mu South Africa m'chaka cha 2000, n'kudzakhala katuni ya pa TV imene ana akuonera m'maiko ambiri. Loyiso Mkize, amene anajambulapo Supa Strikas, anayambitsa wakewake, Kwezi, mu 2014, mnyamata wamatama wa mumzinda wofanana ndi Joni yemweyu. Comic Con Africa, chionetsero cha okonda makomiki ndi magemu, inayamba mu 2018 ku Kyalami, ndipo pachionetserochi pamakhala matebulo a ojambula ang'onoang'ono ogulitsa timabuku tawo todzisindikizira okha. Nthawi imene ndinapitako ndinazungulira holo yonse kufunafuna tebulo la Mmalawi, osalipeza. Timajambula, ndikudziwa, ndimaziona pa Facebook, koma tikafika kuno dzanja lomwelo limapita kukapenta mageti a anthu ku Sandton. Izi ndi za tsiku lina.

Ndiye R8,000 ija. Ndikudziwa kuti ndi lendi ya miyezi ingapo ndi kotumiza kumudzi, sindikuinyoza. Koma musagulitse, bwereketsani. Pepala linene kuti ndi gemu imodzi ya pafoni yokha, kwa zaka ziwiri kapena zitatu. Mafilimu, makatuni, mabuku ndi malaya zikhale zanu. Dzina lanu lioneke gemu ikamayamba. Ikapanda kutuluka pa nthawi imene mwagwirizana, chilolezo chithe. Lamulo la kuno la Copyright Act la 1978 limakupatsani umwini mukangojambula, popanda kukalembetsa kulikonse, ndipo umwiniwo suchoka kwa inu pokhapokha mutasaina pepala loupereka. Chenjerani akakuuzani kuti akulembani ntchito, chifukwa zojambula pantchito ya abwana zimakhala za abwana. Sungani zojambula zanu zoyambirira. Lembani m'pepalamo chinthu chimodzi chimene mtsikanayo sachita zivute zitani, ndipo chimenecho mukuchidziwa ndinu, ine mwangonditumizira masamba ochepa. Auzeni akupatseni foni muyese kupalasa njingayo nokha, ndipo pepalalo mulitenge kunyumba, loya aliwerenge musanagwire bolopeni.