Za Hindemith, kwa amene akuti nyimbo zake ndi phokoso

Achimwene, amene wakuuzani kuti Paul Hindemith ankapeka phokoso lopanda kiyi ndiye mabuku ake musawagwire, akungobwereza chipongwe cha Goebbels, nduna yofalitsa mabodza a boma la Hitler, mwina osadziwa n'komwe. Zimawawa kumva zimenezi kwa anthu a nyimbo.

Hindemith anabadwira ku Hanau m'dziko la Germany mu 1895, anali katswiri wa viola, ndipo kuyambira 1927 ankaphunzitsa kupeka nyimbo ku Berlin. Mu Malichi 1934 Furtwängler, mtsogoleri wotchuka wa magulu oimba, anatsogolera gulu la Berlin Philharmonic kuimba simfone yake ya Mathis der Maler, anthu n'kuikonda kwambiri. Koma a Nazi anali atamulemba kale m'kaundula wawo. Mkazi wake Gertrud anali wa magazi a Chiyuda, anzake oimba nawo ena anali Ayuda, komanso opera yake ya 1929 inali ndi mayi woimba ali m'bafa, iwo n'kumati n'zolaula. Opera yake ya dzina lomwelo la Mathis anaitsekereza. Pa 25 Novembala 1934 Furtwängler analemba m'nyuzipepala kumuikira kumbuyo, koma kunali kuthira mafuta pamoto. Pasanathe milungu iwiri Furtwängler mwiniyo anatula pansi maudindo ake, ndipo pa 6 Disembala Goebbels anaima pachigulu m'holo ya Sportpalast ku Berlin n'kutcha Hindemith wochita phokoso lopanda kiyi. Mu 1936 a Nazi analetsa nyimbo zake. Mu 1938 anamuika pachionetsero cha nyimbo zomwe ankazitcha zonyansa ku Düsseldorf, chaka chomwecho opera ya Mathis ija n'kukaonetsedwa koyamba kunja, ku Zürich. Anasamukira ku Switzerland, kenako mu 1940 ku America komwe anakaphunzitsa ku yunivesite ya Yale.

Chopsetsa mtima n'chakuti nthawi yomweyo iye anali kalikiliki kulemba Unterweisung im Tonsatz, buku la 1937 lomwe mfundo yake ndi yakuti manotsi onse amakokera ku notsi imodzi yapakati. Akuluakuluwo khutu analibe, anali ndi chidani basi.

Yesani nokha pa kiyibodi njira yake yopezera muzu wa chord, ndiye kuti notsi imene chord yonse yatsamirapo. Onani mipata yonse pakati pa manotsi, musankhe wamphamvu kuposa yonse. Woyamba ndi fifth, kenako fourth, major third, minor sixth, minor third, major sixth. Pa fifth ndi ma third muzu ndi notsi ya m'munsi, pa fourth ndi ma sixth ndi ya pamwamba. Dinani E, G, C kuchokera pansi. E ndi G ndi minor third, E ndi C ndi minor sixth, G ndi C ndi fourth. Fourth yapambana, muzu ndi C. Ambiri amagwa pongotenga ya besi, E, chifukwa ndi yomwe ikumveka kwambiri. Mipata yamphamvu yofanana ikakhala iwiri, tengani wa m'munsi. Tritone, monga F ndi B, ilibe muzu, n'chifukwa chake ma chord okhala nayo anawaika m'gulu laokha.

Komabe musathamange nazo. Akatswiri ena amatsutsa masamu omwe anagwiritsa ntchito pofotokoza mfundozi, ndipo Hindemith nayenso sanali woyera mbee, analumbira kumvera Hitler mu 1936 kuti asunge ntchito. Kwaya yanu yozolowera sol-fa musaipatse buku la Unterweisung lija, ithawa. Ngakhale Elementary Training for Musicians yake ya 1946 ndi yolimba ngakhale dzina likuti ndi ya oyamba. Mumaimba china pakamwa, dzanja likugunda china, ndipo amene amadumpha masamba oyambirira amasokonezeka pofika pophatikizapo. Ikani metronome pa 60, gundani kaye dzanja lokha, pakamwa pabwere pambuyo. Ngati cholinga n'kuika alto, tena ndi besi panyimbo ya m'tchalitchi, yambani ndi buku lake la Traditional Harmony la 1943.