Mwana wanga akungodandaula m'mimba, kodi watengera ine?

FUNSO: Zikomo Anti. Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Chibavi konkuno ku Mzuzu. Mtsikana wanga wa zaka 12 wakhala akudandaula m'mimba ndi mutu kwa miyezi 5 tsopano makamaka m'mawa ikakwana nthawi ya sukulu. Kuchipatala anayeza malungo, mkodzo ndi chimbudzi, akuti zonse zili bhobho. Ineyo ndimavutika ndi mutu waching'alang'ala komanso msana kuyambira kalekale, ndipo kunena zoona pakhomo pano timangokhalira kukangana ndi bambo ake. Apongozi akuti ndi ulesi basi. Kodi watengera ine kapena akunama?

YANKHO: Amayi, mwanayo sakunama ayi, ndipo zimandiwawa ndikamva mwana akutchedwa waulesi iye akumva ululu. Ululu wopitirira miyezi 3 madokotala amautenga ngati vuto palokha ngakhale mayeso asapeze kanthu.

Za kutengerazo, inde zimachitika. Ching'alang'ala chimayenda m'banja, ndipo kafukufuku wa achinyamata ku Norway anapeza kuti ana a makolo omwe amakhala ndi ululu wosatha nawonso amaumva kwambiri kuposa anzawo. Koma si magazi okha. Mwana amaonera kwa ife, akamaona mayi agwira msana nkhope ili yamantha naye amaphunzira kuopa thupi lake, ndiye ukaphatikizapo mikangano ya usiku imene iye amaimva ali chigonere kuchipinda, tulo sabwera, m'mimba mumapotokola zenizeni chifukwa matumbo ndi ubongo zimalumikizana. Sindikukuimbani mlandu mayi anga, msana simunachite kuusankha.

Chimene ndikufuna mugwire ndi ichi. Mu 2006 Lynn Walker ndi anzake ku Vanderbilt University ku America anayesa makolo, ena anauzidwa kuti azingofunsa mwana za m'mimba, ena kuti azimucheza nkhani zina. Madandaulo a ana ofunsidwafunsidwa aja anakwera pafupifupi kawiri, a ana ochezedwa anatsika ndi theka. Ndiye lekani kumufunsa ola lililonse kuti "pakupwetekabe?" Muuzeni kamodzi kuti mwamva ndipo mukumukhulupirira, kenako adye phala, avale juzi, apite ku sukulu ngakhale theka la tsiku. Kujomba kumakulitsa mantha. Panado wa tsiku ndi tsiku musiyeni, akachuluka amayambitsanso mutu, ndipo aspirin musampatse pa msinkhu umenewu.

Mufunseni mofatsa muli awiri ngati wina akumuvutitsa ku sukulu kapena panjira, komanso ngati wayamba kusamba. Bambo akenso mukhale nawo pansi, mikangano yanu isamachitikire pamaso pa ana. Ku St John of God konkuno ku Mzuzu kuli alangizi omwe angakuthandizeni nonse.

Koma mukaona akuwonda, akusanza pafupipafupi, thupi likutentha, maso achita chikasu, magazi m'chimbudzi kapena mu mkodzo, kapena ululu ukumudzutsa pakati pa usiku, musadikire, thamangani naye ku Mzuzu Central Hospital. Ngati anasambapo m'nyanja ku Nkhata Bay muwauze ayezenso likodzo.