Kodi ku Aberdaron amadana ndi alendo?

Mayi ena omwe amagwira ntchito ya unamwino ku Manchester andilembera imelo. Akuti anzawo akuntchito awauza za Aberdaron, kamudzi ka m'mphepete mwa nyanja ku Wales, ndipo akufuna kupitako ndi ana pa tchuthi. Koma amvanso zoti kumeneko mlendo akangolowa m'sitolo, eni mudzi amatembenukira ku Chiwelishi kuti asamve zomwe akunena. Ndiye akufunsa ngati zili zoona.

Mayi, mphekesera imeneyo ndi yakalekale, ndipo ilibe mutu. Anthuwo amakhala akuyankhula kale Chiwelishi inu musanatsegule chitseko. Aberdaron ili kunsonga kwenikweni kwa dera la Llŷn, m'boma la Gwynedd, komwe ambiri amakula ndi Chiwelishi pakhomo ndi kusukulu komwe. Mukafunsa m'Chingelezi akuyankhani m'Chingelezi. Mukati "bore da" (mwadzuka bwanji) m'mawa, "diolch" (zikomo) polandira chenji, muona nkhope zikumasuka.

Chomwe chimawapweteka mtima ndi nkhani ya nyumba. Anthu a ndalama ochokera kutali akhala akugula nyumba m'midzi ya Llŷn kuti azidzagonamo nthawi yotentha basi. Mitengo inakwera, ana a eni nthaka akulephera kupeza pokhala kwawo komwe, ndipo nthawi yozizira nyumba zambiri zimangokhala zotseka. Mkwiyowu si walero. Kuyambira 1979 gulu la Meibion Glyndŵr linkatentha nyumba zoterezi ku Wales. Masiku ano nkhondoyi ili pa msonkho: mu 2023 khonsolo ya Gwynedd inayamba kulipiritsa eni nyumba zachiwiri 150 peresenti yoonjezera. Kwa ine eni mudzi ali ndi mfundo, chifukwa chiyankhulo sichikhala pamalo pomwe oyankhula ake asamuka. Koma inu wodzagona masiku ochepa n'kugula buledi wawo, palibe amene angakuyang'aneni ndi diso lofiira.

Ndipotu alendo anawazolowera kuyambira makedzana. Apa ndi pomwe anthu a pa ulendo wachipembedzo ankapumira asanawolokere ku chilumba cha Bardsey, chomwe eni ake amati Ynys Enlli. Mwambo umati pachilumbapo panaikidwa oyera mtima 20,000, ndiponso kuti kupitako katatu kunali ngati kupita ku Rome kamodzi. Nyumba ya Y Gegin Fawr, momwe amati apaulendowo ankadyeramo, ilipobe ndipo mutha kumweramo tiyi. Tchalitchi cha St Hywyn chili pagombe penipeni, manda ake akuyang'ana mafunde. Wolemba ndakatulo R. S. Thomas anali m'busa pamenepa kuyambira 1967 mpaka 1978, munthu wouma mutu pa nkhani yoteteza Chiwelishi ngakhale ndakatulo zake ankalemba m'Chingelezi. M'mandamo mulinso Love Pritchard, yemwe ankatchedwa mfumu ya Bardsey ndipo anamwalira mu 1926. Inde, kachilumbako kanali ndi mfumu yakeyake, ya chisoti ndithu.

Boti la ku Bardsey limanyamukira pa Porth Meudwy, pomwe asodzi a nkhanu amakocheza. Anawo musawalonjeze ulendowu, chifukwa madzi a pakatipo amathamanga koopsa ndipo mphepo ikavuta botilo siliyenda. Alonjezeni Porthor, gombe lapafupi lomwe mchenga wake umalira ukaupondaponda uli wouma. Za kusambira, musayembekezere madzi ofunda a ku Mangochi. Awa amazizira ngakhale mu Ogasiti, yomwe ndi nthawi yotentha kumeneko.

Sitima ya pamtunda imathera ku Pwllheli, kenako mumakwera basi, ndipo mabasiwo ndi apatalipatali. Ngati muli ndi galimoto ndi bwino, kungoti timisewu take ndi topapatiza, mwina mudzabwerera chafutambuyo kupatsa mpata thirakitala. Malo ogona sungitsirani msanga, chifukwa sukulu zikatsekera kamudzika kamadzaza.