Funsani za ku Gadeni: maluwa a statice angamere kwathu kuno?

FUNSO: Ine ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Cape Town kuno, ndiye pabwalo pa abwana anga pali maluwa ena apepo amati sea lavender ena amati statice, ndinathyolako kamtolo n'kuika mu botolo popanda ndi madzi omwe koma mpaka lero akadali ndi kala yake osafota. Ndikufuna ndikabwerera kumudzi ku Dedza ndidzadzale ndizigulitsa kwa anthu okongoletsa maukwati. Kodi angamere kapena ndi maluwa a kunyanja basi? Ndine mayi wa ku Cape Town.

YANKHO: Angamere mayi, ndipo mwayi wanu ndi woti kwanu ndi ku Dedza, mukanati ku Nsanje bwenzi ndikukuuzani kuti musavutike. Koma tiyambe kaye ndi mtundu wake chifukwa alipo ambiri. Amene amakonda kudzalidwa m'magadeni a ku Cape Town, a masamba akuluakulu ndi maluwa apepo okhala ndi timadontho toyera, ndi Limonium perezii, kwawo ndi ku zilumba za Canary ndipo amakhala zaka osafa. Ndi okongola inde koma kala yake ndi imodzimodzi yomweyo. Ngati nkhani ndi bizinezi fufuzani mbewu ya Limonium sinuatum, wochokera kumaiko ozungulira nyanja ya Mediterranean, ameneyu mumadzala chaka ndi chaka ndipo alipo wapepo, wabuluu, wapinki, wachikasu ndi woyera. Ndi yemweyu amalimidwa m'mafamu a maluwa ku Kenya n'kumatumizidwa kumisika ya maluwa ku Netherlands, ndiye si zoti ku Africa kuno sangachite bwino ayi.

Chinsinsi chosafotacho chili apa, chimene inu mukuchiona chapepocho si duwa lenileni. Mukayang'anitsitsa pafupi muona kuti ndi kachikho kouma, kopyapyala, mukakagwira kamalira tswatswa, duwa lenileni ndi kanthu koyera kakang'ono kotuluka pakatipo ndipo iko kamagwa pakangopita masiku ochepa, kachikho kaja n'kutsala ndi kala yake miyezi yambirimbiri.

Tsopano chimene chimagwetsa anthu ambiri ndi nyengo. Sinuatum amafuna kuti ali wamng'ono apsidwe kaye ndi kuzizira kwa masabata angapo ndi pomwe amatulutsa mapesi a maluwa, mukamudzala potentha amangochita masamba atambalala pansi mwezi ndi mwezi inu n'kumadikira maluwa osabwera. Ndiye iwalani zodzala ndi mvula yoyamba ngati tikunena za chimanga. Fesani mu Epulo kapena Meyi mvula itatha kuti chisanu cha Juni ndi Julayi chimupeze ali mbande, maluwa mudzayamba kudula cha mu Ogasiti mpaka Okutobala, yomwenso ndi nthawi imene maukwati amachuluka. Ku Dedza, ku Ntcheu kumtunda, Zomba kuphiri, Mzuzu, konseko ndi bho. Ku Salima, Mangochi ndi kuchigwa cha Shire ine sindingalonjeze kanthu.

Fesani m'machubu osati pa nazale yoti mudzazule, chifukwa ali ndi muzu umodzi wautali wolowa pansi ndipo ukaduka mbande imanyentchera osadzukanso. Kwirirani ndi kadothi pang'ono chabe, pakatha sabata imodzi kapena awiri zimera. Zikafika masamba anayi kapena asanu okerani kumunda, motalikana masentimita 30, pamalo owomba dzuwa tsiku lonse. Dothi likhale la mchenga kapena losakaniza ndi mchenga, bedi lokwera kuti madzi asamadikhe. Kudambo ayi, pa makande ayi, mizu imaola. Ndipo chonde mayi musamusamale mopitiriza, anthu athu akagula mbewu yodula amaithirira m'mawa ndi madzulo n'kuthiranso feteleza wa Urea kuti isangalale, mapeto ake masamba obiriwira bii, mapesi ofewa ongogwa, kenako chuku. Akangogwira thirirani pokhapokha dothi likauma, madzi azipita pansi osati pamasamba, kompositi wapang'ono pokonza bedi akwanira.

Za kunyanjazo, abale ake ambiri amamera m'madambo a mchere m'mbali mwa nyanja zikuluzikulu, masamba awo ali ndi timabowo totulutsa mchere, ndipo komwe muliko kugombe la kumadzulo kuli mtundu wawo wakomweko wapinki, Limonium peregrinum, omwe a Afrikaans amati strandroos. Phindu lake kwa ife ndi loti madzi a mjigo okhala ndi kamchere amene amapsereza mbewu zina iye sawadandaula kwenikweni. Koma musachite kuthira mchere wa kukhitchini m'munda eti poti ndi wa kunyanja, mungowononga dothi.

Pomaliza gulani mbewu ya m'paketi yosenda kale, ya m'maluwa ouma aja ndi yovuta kuchotsa ndipo imamera mwa apo ndi apo. Komanso kulowetsa mbewu m'dziko kumafuna chilolezo cha a zaulimi, funsani ku Chitedze kapena ku Bvumbwe musananyamule, kusiyana ndi kukalandidwa pa boda ya Mwanza kapena Dedza mutawononga kale ma rand anu.

FUNSO: Ndimapanga za deko ku Lilongwe. Ndinagula statice wauwisi ndi maluwa ena n'kuwayanika pa malata kuti aume msanga, koma atuwa onse ngati udzu, ena ndinawasunga mu jumbo achita chuku. Ndalakwitsa pati? Ndine mnyamata wa ku Area 25.

YANKHO: Achimwene pa malata paja ndi pamene munaphera katundu. Dzuwa limadya kala, duwa louma bwino limaumira mumthunzi. Ngati kwanu analimako fodya wa bale mukudziwa kale ntchito yake, chigafa chija, mthunzi pamwamba mphepo ikudutsa m'mbali fodya ali lende, basi ndi momwemo. Chotsani masamba onse a m'munsi, mangani timitolo ting'onoting'ono ta mapesi 8 kapena 10, mutolo waukulu umasunga chinyezi pakati n'kuyamba kuola mkati kunja kukuoneka bwinobwino. Mangirani ndi labala osati chingwe, chifukwa mapesi akamauma amachepa ndiye chingwe chimakhwepa maluwa n'kugwera pansi usiku. Pachikani mitu ili pansi m'chipinda cha mdima koma chopita mphepo, osati kukhitchini kwa utsi. Masabata awiri, kukakhala chinyezi atatu, mukathyola phesi n'kumva kuti thyo ndiye kuti zatheka.

Chinanso ndi nthawi yodula, izi ndikuuzanso mayi a ku Dedza aja. Statice akadulidwa timaluwa tomwe tinali tisanatseguke sititsegukanso, ndiye musathamangire, dikirani mpaka pafupifupi tonse pa phesi taonetsa kala. Dulani mame atauma, osati m'mamawa zili chinyowere. Mukamagula kwa ena yang'anani m'munsi mwa mapesi, ngati muli moterera kapena mwada chifukwa chokhalitsa mu ndowa ya madzi dulani mbali imeneyo musanapachike.

Jumbo ndiye musayerekezenso. Sungani mu katoni, mutayala nyuzi pakati pa mitolo, pamwamba poti makoswe ndi chinyezi cha pansi sizifika. Anzathu a ku Thyolo, Mulanje ndi Blantyre muchenjere ndi masiku a chiperoni, maluwa ouma kale amathanso kuyamwa chinyezi n'kufewa, nthawi ya dzinja chimodzimodzi.

Pokonza deko yakeyo, ine maganizo anga statice payekha amaoneka wouma mtima, amafuna anzake. Sakanizani ndi strawflower amene kwawo ndi ku Australia, naye amauma osataya kala, kapena gomphrena wa timitu tozungulira tapepo uja amamera mosavuta m'makomo ambiri. Ndipo musanyoze za kumunda, ngala za mapira ndi mawere, udzu wa maluwa umene umangopsa ndi moto wolusa mu Ogasiti, zonsezi zikalowa mu nsengwa kapena mu mphika wadothi wa ku Dedza zimaoneka zodula kuposa maluwa apulasitiki a mu shopu amene ukwati uliwonse ukubwereka omwewo. Yambani ndi zazitali pakati, statice adzaze mipata, mu vazi thirani mchenga wouma kuti mapesi aime pomwe mwawabaya komanso mphepo isagwetse. Madzi osathira. Fumbi likachuluka ingouzirani kapena kupukusa ndi nthenga, ndipo makandulo akhale patali chifukwa zouma zimenezi sizichedwa kuyaka. Kungoti amene mumakwera ku Nyika kapena ku Mulanje mukaona maluwa a mtundu wa Helichrysum akumera okha kumtunda kuja musazule, amenewo ndi malo otetezedwa.

FUNSO: Ndinamva kuti lavender amanunkhira bwino ndipo amapangira mafuta odzola, koma sea lavender amene ndinagula ine akununkha ngati mkodzo wa mphaka. Andipusitsa? Ndine wowerenga wa ku Mzuzu.

YANKHO: Sanakupusitseni achemwali, kungoti ndi zomera ziwiri zosiyana, palibe ndi chibale chomwe. Wa mafuta onunkhira uja ndi Lavandula, ali m'banja limodzi ndi minti, pomwe sea lavender ndi Limonium ndipo mafuta simungapezemo. Fungo mukunenalo ndi loona, limamveka kwambiri pa mitundu ya timaluwa ting'onoting'ono tambirimbiri monga Limonium latifolium, makamaka akakhalitsa m'madzi osasintha kapena m'chipinda chotseka. Atulutseni m'madzimo, dulani kunsi, pachikani pakhonde pamthunzi, akauma fungo limachepa kwambiri. Mukadzagulanso sankhani sinuatum, mumuzindikira ndi mapesi ake okhala ndi timapiko tobiriwira m'mbali, ameneyo sanunkha kwenikweni.